Mwala Umene Unamangitsa Yadollah

Thessaloniki, 18 Epulo 1975

Okondedwa Amayi,

Ndikupsompsona manja anu ndi a Bambo. Ndikhulupirira chaka chatsopano chakupezani muli athanzi. Kuno tili bwino, amuna anga a Hushang akupereka moni, ana nawonso.

Amayi, Yadollah ali kuti? Munalemba kuti chikondwerero cha chaka chatsopano cha Nowruz chikangotha anyamuka, atatenga mwala umene Bambo anandisemera. Basi ya ku Istanbul yafika kangapo, ndipo nthawi zonse ndimakhala pa siteji ndi ana atavala zatsopano. Atsika Aturuki, atsika ana asukulu, watsika ngakhale mayi wina ndi mbalame yake m'chikwere, koma mlongo wanga ayi. Mpunga umene ndinamuphikira tinagawira anansi.

Khoma la pabalaza ndalisiya lopanda kanthu. A Hushang amafuna kupachikapo kapeti, ine ndinakana. Ndinati apa pakhala kavalo wa bambo anga, kuti Agiriki onyadira miyala yawowa aone kuti kwathunso kuli manja.

Ndikumudziwa amene wamuletsa. Ndi mkazi wake uja. Jeyran wangogwetsa timisozi tiwiri, mwana wanu n'kumasula katundu. Anthu okulira m'mahema kumbuyo kwa nkhosa amayesa kuti munthu akakwera basi ndiye kuti wapita kumanda. Mumuuze Yadollah kuti ine ndinamubereka kumbuyo asanadziwe n'komwe kuti padziko pali Jeyran. Ngati wasintha maganizo, alembe yekha, asandichititse manyazi pamaso pa amuna anga.

Ndiyankheni msanga.

Mwana wanu,
Mahvash


Marvdasht, 21 Epulo 1975

Mahvash mwana wanga,

Moni kwa iwe, kwa a Hushang ndi adzukulu anga. Ife tilipo, kupatula bondo langali.

Kodi ku Ulayako mapepala anatha? Yadollah ananyamuka m'mawa mwake titachoka kokataya tirigu wophuka wa chaka chatsopano kumtsinje. Ndinamudutsitsa pansi pa Korani, ndinathira madzi m'mapazi mwake kuti abwerere bwino, koma mpaka lero zii. Mukungodya nsomba za m'nyanja, mwaiwala kuti kuno kuli nkhalamba ziwiri zoyang'ana kumsewu.

Ndiuze, mwalawo wauona? Ine nditauona ndinagwira pakamwa. Wankhondo uja ali pakavalo wothamanga, mkondo uli patsogolo, ngati aja a pathanthwe la manda a mafumu. Koma chimene chinanditenga mtima ndi ngamila ya kumbuyo ija, ya malinunda awiri, yonga yosemedwa pamakwerero a mabwinja a mafumu ku Takht-e Jamshid. Mlomo wake wam'munsi walendewera ngati ikunyoza dziko lonse. Ndinati awa ndi azakhali ako a Robabeh akamva kuti mwana wa mnzawo wakwatiwa. Bambo ako anauthira tiyi ndi mwaye, n'kuukwirira pansi pa mtengo wa makangaza nyengo yonse yozizira kuti uoneke wakalekale, monga amachitira ndi timiyala togulitsa kwa alendo. Chikwatiwire changa sindinaonepo atasema chokongola chotero. Munthu akukalamba, manja akunka nakhwima.

Za mlamu wako usandifunse. M'mawa watenga chakudya cha apongozi ake, wapita kushopu, ati kukasesa ndi kupukuta miyala. Amabwera dzuwa litapendeka, tsitsi lili mbuu, manja okhakhala ngati khungwa, ndipo akaphika mpunga umatuluka phala. Zaka zitatu m'banja, mwana palibe. Ndikadandaula, bambo ako amangoti, "Musiye mwanayo, Tahereh." Ndamusiya, nanga ndichitenji.

Yadollah umuuze avale juzi ndinamulukira ija.

Mayi ako


Marvdasht, 6 Meyi 1975

Mahvash,

Moni mwana wanga. Khala pansi usanawerenge.

Kalata yako inandipeza ndikukanda ufa. Nditawerenga kuti Yadollah sanafike, ndinasiya zonse. Ndinathamangira kushopu wopanda nsapato, ufa uli m'manja. Tisanadziwe n'komwe koyambira kufunsa, kunafika galimoto ya apolisi, muli ndi bambo wina wa magalasi wochokera ku ofesi yoyang'anira zinthu zamakedzana.

Mlongo wako ali m'ndende. Anamugwira pamalire. Atatsegula katundu wake anapeza mwala uja, n'kunena kuti ndi wakale, wobedwa kumabwinja a mafumu, ndipo amakaugulitsa kunja. Nthawi yonse imene ine ndimamunena kuti akudya nsomba, mwana wanga amamusamutsa ndende ndi ndende, maunyolo ali m'manja, mpaka kumufikitsa ku Shiraz. Akuti akampeza wolakwa, akatuluka ali ndi imvi.

Shopu anaitembenuza yonse. Kunyumba anakumba pansi pa mtengo wa makangaza mpaka mizu kuoneka, anansi atadzaza pamadenga kuonerera. Bambo wa magalasi uja anali waulemu, ngakhale tiyi anakana. Anati kwa bambo ako, powalemekeza monga mmisiri wamkulu, "Ostad Nosrat, ine sindikufuna mwana wanu avutike pachabe. Timiyala ta m'shopu muno ndikuona kuti n'tatsopano. Koma uja ndi wina. Anzanga ena akuti ndi wakale, ine ndikukayika. Nkhaniyi ndi yosavuta. Mubwere ku Shiraz, mudzaseme mutu wa kavalo ndi ngamila ife tikuona. Dzanja likafanana, mwana wanu atuluka."

Ndinatsala pang'ono kumupsompsona mapazi. Ndinati, "Mawa lomwe abwera!"

Bambo ako anati, "Sindipita."

Mahvash, Jeyran anagwetsa thireyi, matambula onse phwaa. Ndinati, "Mwati chiyani?" Iwo anati, "Wamva." Wa magalasi anawayang'ana nthawi yaitali, n'kunena kuti adikira mpaka mwezi wamawa.

Ndalira, ndatukwana, ndaitana achimwene awo, ndaitana a mula a kumzikiti. Akungokhala pakhonde, manja ali pamawondo. Munthu amene wasema akavalo moyo wake wonse akukana kusema mmodzi woombola mwana wake! Alembere iwe, mwina akumvera.

Mayi ako


Thessaloniki, 20 Meyi 1975

Bambo,

Moni ndikupereka chifukwa munandilera basi.

Sindinayambe ndakukwezerani mawu, lero mundikhululukire. Kodi ndi kunyada? Mukuona ngati Ostad Nosrat sangayesedwe mayeso ngati mwana wasukulu? Dzina lanulo mulikazinge mudye, mwana wanu akuwola m'ndende.

Kapena pali china? Ndakhala ndikuganiza mpaka mutu kuwawa. Munthu wosema yekha mwala sangaope kuusemanso. Ndiuzeni zoona, Bambo, mwalawo munausema inu, kapena wina anabwera nawo? Abale a mpongozi wanuyo amadutsa m'mapiri monse ndi ziweto zawo, ndipo timamva kuti ena a iwo amakumba m'manda akale. Ngati ndi iwo anakupatsani, anenedwe. Musataye mwana wobala nokha pofuna kubisa mwana wa eni.

A Hushang akuti ndisabwere, ana ali pasukulu. Mukapanda kupita ku Shiraz, ndibwera ndithu, ndipo ndidzakunyamulani ndekha.

Mahvash


Shiraz, 9 Juni 1975

Achemwali,

Moni wochokera kunyumba ya alendo ya boma, kumene nsabwe zimadya bwino kuposa alendowo. Mnzanga wina akutuluka lero, ndiye waponya kalatayi. Alamu ndi ana muwapatse moni.

Pamalire paja wapolisi anamasula bulangete, n'kuyang'ana, n'kuitana mnzake, mnzakeyo n'kuitana wamkulu wawo. Ine ndimangomwetulira ngati chitsiru, ndimayesa akusirira. Ndinachita kuwauza monyada kuti, "Ntchito ya bambo anga imeneyo!" Mawu amenewo ndawabwereza kwa aliyense wondifunsa, ngakhale pamene amandiwopseza. Lero sindikudziwa ngati ndimanena zoona.

Bambo anabwera Lolemba lapitali. Amayi akuti kalata yanu ndi imene inawadzutsa. Ananditengera m'chipinda china muli tebulo, mwala watsopano ndi zitsulo zawo zomwe zija. Akuluakulu anakhala m'mbali mwa khoma. Bambo analowa atavala jekete la paukwati wanga. Ndinati, "Bambo!" Iwo anatembenuka n'kugwedezera mutu wapolisi amene anaima pambali panga. Ine osandiyang'ana n'komwe.

Anatenga khala n'kujambula pamwalapo. Achemwali, chimene anajambulacho sichinali kavalo, sichinali galu. Ndinati mwina ndi mantha. Anatenga tchizulo ndi nyundo. Kumenya koyamba, tchizulo chinaterereka. Kachiwiri, ngodya ya mwala inabenthuka. Kenako nyundo inagwera pachala. Amene anakuwa si iwo, ndi Jeyran, amene anaima pakhomo ndi Amayi. Bambo anapitiriza kumenya, magazi akuyenderera pamwala, akumenyabe, mpaka bambo wa magalasi anawagwira mkono.

"Ostad, basi. Mwina mwatopa ndi ulendo. Tiyese mawa?"

"Mawa ndi lero n'chimodzimodzi," anatero Bambo.

Ine ndinakula ndikuona manja amenewo akutulutsa mphuno ya kavalo m'mwala ngati akusenda dzira. Ndinayang'anitsitsa mwala wamagaziwo mpaka wapolisi anandikoka.

Tsopano akuti nawonso awatsegulira mlandu. Anzanga m'chipinda muno akundiseka, ati, "Mdala wako ndi katswiri, kuba iye, kunyamula iwe." Ndinamenya mmodzi. Koma ndikakhala ndekha ndimadzifunsa. Kodi bambo athu angandisenzetse chakuba n'kuonerera Amayi akundidutsitsa pansi pa Korani? Ngati mukudziwa kanthu, musandibisire.

Mlongo wanu,
Yadollah


Marvdasht, 28 Juni 1975

Mahvash mwana wanga,

Moni. Yadollah watuluka, ali m'nyumba muno, wawonda ngati nsungwi koma ndi wamoyo. Thokoza Mulungu kaye, kenako uwerenge zotsalazi, chifukwa ine mpaka lero ndikayamba kuziganiza ndimaiwala mphika pamoto.

Titabwerako ku Shiraz, bambo ako anagona atayang'ana kukhoma. M'mawa mwake Jeyran analowa, n'kugwada pafupi ndi mphasa yawo, ine ndili pomwepo.

"Bambo, mundimasule lumbiro lija."

"Sindikumasula."

"Ndiye ndiliphwanya ndekha. Mulungu alange ine."

Ndinati, "Lumbiro lanji? Mukunena chiyani anthu inu m'nyumba mwanga?"

Jeyran anasendera pafupi ndi apongozi ake. Anavula chibangili chake, n'kuchiimika patsogolo pa nkhope ya bambo ako. "Bambo, ndagwira chiyani?"

Bambo ako anaphethiraphethira.

"Nenani, Amayi amve."

Bambo ako anati, "Tambula ya tiyi."

Mahvash, bambo ako saona. Maso ali bwinobwino ukawayang'ana, koma akuti pakati pali mdima, amangoona tizinthu ta m'mphepete. Papita zaka ziwiri! Ine wodya nawo mbale imodzi, wogona nawo chipinda chimodzi, osadziwa. Atasiya kuwerenga Korani anati aloweza yonse, ine ndinawatama. Atayamba kuyenda ndi Jeyran kupita kushopu ndinati akumulekerera mpongozi, osadziwa kuti ndi iye amawatsogolera. Bambo ako anaopa kuti anthu akamva, shopu ifa, dzina lifa. Ndiye anamugwira manja mtsikanayu n'kumuphunzitsa, atamulumbiritsa pa Korani kuti asauze munthu, ngakhale mwamuna wake. Iwo amapapasa ndi zala n'kumuuza pokonza. Mwala wakowo anasema ndi Jeyran, kuyambira mkondo mpaka mchira wa ngamila.

Ndinawagwira jekete bambo ako n'kuwagwedeza ngati mtengo wa zipatso. "Mukanalola mwana awole?" Iwo anati, "Ndimayesa manja akumbukira okha."

Tinakwera basi ya ku Shiraz, ine ndi Jeyran. Ku ofesi kuja wapolisi wina anaseka atamva, koma bambo wa magalasi anati, "Mupatseni mwala." Jeyran anamanga mpango wake kumbuyo, anavula zibangili zonse n'kundipatsa kuti ndisunge, n'kutenga nyundo. Ntchitoyo inatenga masiku, tinkagona kwa azakhali ako. Tsiku lililonse ndimakhala pampando ndikuyang'ana manja aja, manja omwe ndinkati ndi okhakhala ngati khungwa. Linatuluka khutu la kavalo, inatuluka mitsempha ya pakhosi. Pamene mlomo wa ngamila unayamba kulendewera, ndinafuula m'chipinda chodzaza akuluakulu kuti, "Si awo a Robabeh!" Mwamwayi azakhali akowo anali atatsala kunyumba.

Akuluakulu aja anaika miyala iwiriyo pamodzi, anaiyang'ana ndi galasi, anakambirana. Wa magalasi anamufunsa kumene anaphunzira. Iye anati, "Kusema anandiphunzitsa apongozi anga. Ngamila ndinakula nazo."

Pobwerera m'basi Yadollah anakhala pakati pathu, akungoyang'ana manja a mkazi wake. Tinafika, Jeyran ndinamuphikira ndekha, ndinamuikira madzi osamba. Zimene ndinakulembera za iye uzing'ambe. Nawenso uli ndi zako zoti ulape.

Bambo ako chibwerere chathu sanamulankhule Jeyran. Shopu atseka, kiyi ali m'thumba mwawo.

Mayi ako


Thessaloniki, 12 Julayi 1975

Mlamu wanga Jeyran,

Moni. Ndayamba kalatayi kambirimbiri n'kung'amba. Ndinakunenera zoipa, iwe ndi abale ako, pamene unali utasenza banja lathu lonse wekha. Ndilibe chodzikanira. Ngati ungathe, undilembere mawu ngakhale awiri, undiuze mmene Bambo alili ndi mmene iwe ulili.

Mahvash


Marvdasht, 15 Okotobala 1975

Alamu,

Moni kwa inu, a Hushang ndi ana. Pepani kuchedwa kuyankha, ndipo pepani zilembo zanga, ndinaphunzira pasukulu ya m'hema, bolodi lili pamsana pa bulu.

Za kupepesa musavutike nazo. Kalata yanu ija kwa Bambo ndinawawerengera ndine, mokweza, yonse, ngakhale pamene munanena za abale anga. Inandipweteka, koma ndi imene inawadzutsa. Tisiye pomwepo.

Mwafunsa mmene ndilili. Chilimwe chinali chowawa. Ndinasala kudya ndi kudyetsa osauka monga a mula anandiuzira chifukwa cha lumbiro, koma Bambo sanandilankhulebe. Ndikalowa, amatembenukira kukhoma. Ndikawapatsa tiyi, amadikira Amayi awapatse wina. Yadollah naye anali ngati mlendo. Kumalo omwera tiyi amamuseka, ati, "Uyo anamutulutsa mkazi wake ndi nyundo." Kunyumba amangondifunsa kuti, "Ngakhale ine osandiuza?"

Sabata yatha anthu akwathu anadutsa kuno, akutsika kumapiri kupita kotentha. Achimwene anga anabwera kudzationa, anayang'ana nkhope yanga, n'kunena kuti, "Tenga zovala zako, ukapume kwa amayi." Amayi anu analira. Yadollah anangotuluka m'nyumba. Ndinakagwada kwa Bambo kutsanzika, sanatembenuke. Ndinanyamuka.

Tinali titafika kumsewu waukulu, pakati pa nkhosa, akavalo ndi ngamila, fumbi lili koboo, pamene ndinamva anthu akukuwa. Nditacheuka ndinaona Bambo. Anali okha, opanda chipewa, nsapato imodzi, manja atatambasula kutsogolo, akulowa pakati pa ziweto. Agalu athu mukuwadziwa, amagwetsa ndi mmbulu womwe. Anthu a m'mashopu onse anatuluka, ena atagwira kumutu, chifukwa ambiri ankamvabe ngati mphekesera chabe zoti Ostad saona.

Anagundana ndi ngamila, anapapasa mpaka anagwira chingwe chake, n'kuikoka kuti iime. Pamwamba pake panali azakhali anga okalamba, atakhala pa katundu ndi nkhuku zawo. Bambo anakweza nkhope n'kufuula kuti msewu wonse umve.

"Tsika, mwana wanga! Wolakwa ndine. Ndinakusenzetsa mdima wanga, ndinatsala pang'ono kupha mwana wanga chifukwa cha dzina. Anthu inu imvani, ine sindiona! Miyala yonse munagula zaka ziwirizi anasema ndi uyu. Tsika, usandisiye."

Azakhali anawayang'ana kuchokera pamwambapo, n'kunena kuti, "Bambo inu, ndikanatsika ndithu, papita zaka zambiri mwamuna asanandipemphe chotero. Koma mawondo."

Msewu wonse unaphulika ndi kuseka, ena akuseka misozi ili mbwembwembwe. Bambo anangoima, chingwe chili m'manja, osadziwa koyang'ana. Ndinadutsa pakati pa nkhosa n'kuwagwira mkono. Anandipapasa dzanja, anafika pa zikhatho zanga zokhakhala, anandizindikira, n'kusiya chingwe chija.

Yadollah anatulukira akuthamanga, wefuwefu, nsapato ina ya Bambo ili m'manja. Anagwada pafumbi n'kuwaveka. Ataimirira anatenga mtolo wanga kwa achimwene, n'kuuika paphewa pake, anzake a kumalo a tiyi aja akuona.

Tinabwerera atatu, pang'onopang'ono, pakati penipeni pa msewu. Kale ndikamawatsogolera ndinkayenda patsogolo pang'ono, iwo akutsatira mphepete ya mpango wanga kuti anthu asazindikire. Tsiku limenelo anakoleka mkono wawo m'mkono mwanga, ndipo aliyense wowapatsa moni amamuyankha kuti, "Ndiwe yani? Nena dzina, ine sindiona."

Mlamu wanu,
Jeyran